Tsiku Lomwe Ananditcha Swipa

"Dyson atsogola. Redson, ukhala swipa."

Bambo Stafford ananena mawuwa maso ali papepala, ngati akuitana mayina a odwala pachipatala. Amati Chingerezi sichisiyanitsa iwe ndi inu, koma ine tsikulo ndinamva iwe.

Tinali pabwalo la sukulu ina kuchigwa, chakufupi ndi nyanja ya Chilwa, m'mawa wina wa Seputembala mu 2003. Alendo athu khumi ndi asanu ndi atatu anali ataima pambali pa njinga zawo, akudzola mafuta oteteza khungu kudzuwa. Anali anthu wamba ochokera ku Ulaya, aphunzitsi, anamwino ndi ena opuma pantchito, omwe anzawo kwawoko anawalonjeza thandizo lokumbira mijigo akakwanitsa kupalasa njinga kudutsa chigwa chonse mpaka pa Boma la Phalombe, kenako n'kukwera phiri wapansi. Bambo Stafford ndiwo ankawatsogolera kuchokera kwawo. Aka kanali kachinayi kubwera ndi gulu, ndipo maulendo atatu oyambawo, omwe anali apansi okhaokha, ine ndi amene ndinkayenda patsogolo. Za njingazi zinayamba chaka chimenecho.

Dyson anam'patsa malaya achikasu ndi wenzulo. Ine anandipatsa chikwama chofiira chodzaza madzi, mankhwala, pampu, zigamba ndi guluu, komanso wailesi ya ovaova.

"Lamulo lako ndi limodzi," anatero Bambo Stafford. "Kumbuyo kwako kusakhale munthu."

Ndiyenera kufotokoza za Dyson. Ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga Belita. Ine ndine mkamwini pamudzi pawo kumunsi kwa phiri la Michesi, choncho ngakhale ndimamuposa zaka zisanu ndi ziwiri, pankhani za mbumba mawu ake ankalemera kuposa anga. Zimenezo ndinazilandira, ndiwo mwambo. Koma phiri linali langa. Ndine ndinam'chotsa pa kabaza, n'kumusenzetsa katundu wa alendo koyamba. Ndine ndinamuonetsa pomwe madzi saphwa m'chilimwe, ndi mtambo umene ukauona umabweza anthu ngakhale akukana. Chomwe ankandiposa chinali Chingerezi cha Folomu 4 ndi mano oyera omwe ankawaonetsa kwa aliyense.

Ndifotokozenso za mawu aja oti swipa. Bambo anga, a Cornelius, anasesa maofesi a boma pa Phalombe zaka makumi awiri. Kutchalitchi anali munthu wopatsidwa mpando, koma makalaliki ochokera maboma ena sanavutikepo n'kuphunzira dzina lawo. Ndili mwana ndinkawapititsira chinangwa masana, ndipo ndinkamva ndi makutu angawa: "Swipa! Bwera kuno!" Bambo ankathamanga, tsache lili m'manja, atavula chipewa pamaso pa mnyamata wosamera ndevu. Ndinalumbira kuti ine sadzandiitana choncho.

Dyson analiza wenzulo, gulu linanyamuka, ine n'kutsala ndikumeza fumbi.

Wotsalira pa alendo onse anali mkulu wina dzina lake Hector, wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, wamiyendo yoonda ngati ya kakowa. Ankapalasa ngati akuopa kupweteka njingayo. Pa Chichewa chonse anagwirapo mawu awiri, ndipo ankawabwereza pachitunda chilichonse: "Pang'ono pang'ono." Anandiuza kuti malemu mkazi wake ankafunitsitsa kudzaona Malawi, ndiye iye wabwera m'malo mwake. Ndinangoti pepani, maso anga ali kutsogolo kumene kadontho kachikasu kankaoneka n'kumasowa pakati pa minda.

"Ndili ndi mwayi," anatero a Hector akupumira m'mwamba. "Stafford akuti swipa wathu ndi katswiri, palibe wofanana naye."

Ndinaseka pang'ono. Ndiye kuti anakhala pansi n'kumakambirana za luso langa losesa.

Sindibisa, ndinachita nsanje yoipa. Pamudzi uliwonse ndinkamva phokoso lisanandifike: ana akuthamangira gulu, amayi akuimba nthungululu, anyamata a kabaza akukuwa, "A Dyson! A Dyson, mwakwera!" Ife tikamafika, ana anali atabwerera kukasewera, ndipo amene ankatilonjera anali agalu. Pamalo opumira masana tinapeza anzathu atadya kale, mtsikana wina wa m'gulumo akujambula Dyson atanyamula njinga m'mwamba ndi dzanja limodzi. Dyson anandisungira nthochi ndi botolo la madzi.

"Alamu, mwatopa? Khalani apa pamthunzi."

"Wosesa satopa," ndinayankha, osalandira nthochizo.

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino, kenako anakaliza wenzulo wake.

Bambo Stafford anakwera lole ya katundu kupita patsogolo kukakonza za chilandiro. Ndinkadziwa chomwe chinkatidikira pa Boma: kwaya ya amayi, akuluakulu a m'maofesi omwe aja bambo ankasesa, ndi msika wonse. Belita analinso konko ndi amayi ake, akugulitsa nandolo. Onsewo akanaona Dyson akulowa ngati mkwati, n'kudikira theka la ola kuti aone mkamwini wawo akukwawa kumchira ndi nkhalamba. Ndipo wina akanafunsa kuti ntchito yangayo imatchedwa chiyani.

Titatsala ndi mtunda wochepa, pamene msewu umayamba kukwera ndipo Michesi imaoneka ngati ungaigwire, ndinayandikira a Hector.

"Mukuliona phirilo? Muzingolunjika komweko. Simungasochere."

"Pang'ono pang'ono," anatero akumwetulira, nkhope ili psuu.

Ndinaimirira pa mapedulo. Ndinadutsa anamwino awiri, ndinadutsa aphunzitsi, ndinadutsa mtsikana wa kamera uja, chikwama chofiira chikundimenya pamsana. Miyendo yanga inali isanagwire ntchito tsiku lonse, ndipo inkasangalala. Nyumba zoyamba za malata zitayamba kuoneka, ndinam'peza Dyson.

"Alamu, kwagwanji? Kumbuyo mwasiya ndani?"

"Ndasesa, kwayera," ndinatero, n'kumudutsa.

Ndinalowa pa Boma woyamba. Kwaya inayamba nyimbo, ana anandithamangira, ndipo ndinaona Belita ataimirira pambali pa dengu lake, dzanja lili pakamwa, akuseka monyada. Kukoma kwake ndikukumbukirabe. Kunatenga nthawi yomwe munthu amamwera kapu ya tiyi.

Bambo Stafford sanaombe m'manja. Ankawerenga njinga zikamalowa, chala chikuyenda m'mwamba. Anawerenga kawiri.

"Khumi ndi asanu ndi awiri. Redson, Hector ali kuti?"

"Akubwera."

Tinayang'ana kumsewu. Kunabwera mayi wosenza nkhuni, kenako ngolo ya ng'ombe, kenako palibe. Dyson anafika pamene ndinaima, n'kundivula chikwama chofiira pamsana ngati mmene umalandira mpeni m'manja mwa mwana. Anatembenuza njinga yake. Ndinam'tsatira, ndipo ulendo uno sindinayese kumudutsa.

Mumsewu munalibe a Hector. Dyson ndiye anaona mzere wa matayala ukupatuka pakanjira kolowa m'minda. A Hector ndinali nditawauza kuti alunjike phiri, ndipo iwo analunjikadi, pamene msewu unakhota. Tinawapeza patapita nthawi, atagona pansi pa mtengo wa mango, tayala lakutsogolo litaphwa, bondo likuchucha magazi. Mayi wina wachikulire anali atanyowetsa chitenje chake m'ndowa n'kuwafunditsa pamutu.

"Munthuyu ndi wanu?" anafunsa mayiyo. "Ndam'peza akudzandira, akulankhula zosamveka, madzi atam'thera. Munthu wamkulu chonchi mungam'taye panjira ngati thumba lobooka? Mwini wake ndani?"

Dyson anali atagwada, akusungunula mankhwala a mchere ndi shuga m'botolo.

"Ndine, mayi," ndinatero.

A Hector anatsegula maso n'kundigwira dzanja. Dzanja lawo linkatentha ngati mbale yosiyidwa padzuwa.

"Ndimamuuza mayiyu, kaya amamva," anatero ndi mawu otsika. "Ndimati musade nkhawa, swipa akubwera."

Akanandilalatira, bwenzi zili bwino.

Lole inadzawatenga, ndipo kuchipatala anati apulumuka, koma phiri asakwere. Anayenda ulendo wonse wochokera ku Ulaya chifukwa cha mkazi wawo, n'kuthera pabedi akuliona phirilo pazenera.

Dzuwa lisanalowe, Bambo Stafford anandiitana pakhonde la nyumba yogona alendo. Sanakweze mawu.

"Zaka zonsezi sunasiyepo munthu. Lero chachitika n'chiyani?"

Ndinali nditakonza bodza la ovaova yowonongeka, koma chimene chinatuluka n'china.

"Bwana, ine si wosesa. Bambo anga anasesa maofesi awo mukuwaonawo mpaka msana unapindika. Zinakwanira. Dyson ndinam'phunzitsa ndine, inu mwam'veka malaya, ine mwandipatsa tsache."

Anavula magalasi n'kudzipukuta kumaso ndi dzanja.

"Ambuye wanga," anatero. "Redson, pantchito yathuyi swipa ndi munthu woyenda pomalizira. Kutsogolo angapite aliyense wodziwa njira amene ali ndi miyendo. Kumbuyo ndi kumene kumakhala odwala, otopa, ndi ofuna kugonja. Kumeneko timaikako munthu amene tingam'patse moyo wa anthu. Ine ndinakhala swipa zaka zisanu ndisanapatsidwe gulu langa."

Anatulutsa pepala lija la m'mawa n'kulitembenuza. Kuseri kwake kunali kalata ya bungwe lawo. Chaka chotsatira bungwelo linkawatumiza kumayiko ena, ndipo linawauza kuti asankhe Mmalawi woti azitsogolera magulu onse obwera kuno. Lamulo linali lakuti munthuyo ayambe wamaliza ulendo umodzi ali swipa. Pamzere wa dzina panali patalembedwa kale ndi inki yabuluu: Redson Cornelius.

"Ndikanakufotokozera, kulakwa kumeneko n'kwanga," anatero. "Koma ngakhale likanakhala tsache lenileni, unasiya nkhalamba padzuwa, madzi ndi wailesi zili pamsana pako. Zimenezi ndiyenera kulemba. Mawa paphiri Dyson akhala swipa. Iwe utsogola."

Belita nditamufotokozera anangopukusa mutu, akupitiriza kusenda nandolo.

"Safunsa anadya phula, bambo a Praise. Pakamwa munali napo, Dyson munali naye. Mumaopa kuti akusekani?"

Ndinkaopadi zimenezo.

M'mawa mwake ndinavala malaya achikasu. Anali ochapidwa, koma ankanunkhabe thukuta la Dyson. Ndinatsogola gulu kukwera mpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, ana akundikuwira dzina m'midzi ya m'munsi, mtsikana wa kamera akundijambula. Khosi linandiwawa ndi kucheuka. Kutali kumbuyo ndinkaona chikwama chofiira chikuyenda pang'onopang'ono pambali pa namwino wina wotupa phazi, ndipo nsanje imene ndinachita pamenepo inaposa yadzulo lake.

Bungwelo silinandiitanenso. Dyson anabwera kawiri kudzandipempha kuti ndizigwira ntchito pansi pake, ndipo kawiri konse ndinamuuza kuti bondo likundivuta. Ndinatsegula kamalo kokonzera njinga m'mbali mwa msewu wolowa pa Boma. Mjigo umodzi mwa imene alendo aja anakumbitsa uli pamudzi pathu, ndipo madzi ake ndimamwa, sindiwakana.

Chaka chilichonse mu Seputembala gulu limadutsa pamalo panga. Dyson ndiye mwini gulu tsopano, koma malaya achikasu amaveka wina, iye n'kusankha kumbuyo. Chaka chathachi anadutsa masana, ine ndikusesa zidutswa za machubu pakhomo. Ana anathamangira wa malaya achikasu, nthungululu zinamveka kumsika, fumbi linakwera n'kutsika. Anthu anabwerera ku ntchito zawo. Ine ndinaimabe, mpaka pachitunda panatulukira mayi wina wonenepa akupalasa movutikira, ndipo kumbuyo kwake, wosafulumira, imvi zitayamba m'mbali, Dyson ndi chikwama chofiira.

"Alamu!" anandikwezera dzanja.

Nanenso ndinakweza langa, n'kuona kuti ndakweza ndi tsache lomwe.