Mzati wa Pageti Latsopano

Dorica anali mkazi wamfupi, ndipo ku Golomoti konse ankadziwa kuti msinkhu wake si nkhani yochitira nthabwala. Amuna ake okha, a Alick, ndiwo ankaiputa dala. Tsiku lina akuyanika zovala anangomva kanthu kakumukhudza paphewa. Kucheuka, a Alick aponda chingwe ndi chala cha kuphazi, akumanga mfundo uku akumwetulira.

"Mukundiyeza ngati mbuzi yapamsika?" anatero Dorica, n'kuwakwapula dzanja ndi malaya onyowa. Iwo anangopinda chingwe chawo n'kuponya m'thumba, nkhani n'kuiwalika.

A Alick ankagula mpunga kwa alimi a ku Bwanje n'kumasunga m'nyumba ya matumba kuseri kwa nyumba yawo, mumpanda momwemo. Matumba atayamba kumera miyendo, anaganiza zochotsa geti lakale la mpandawo, lokhala ndi kakhomo pambali, n'kuika lotseguka lokha: mota ya sola, ndi kamakina ka mabatani panja, koti munthu adinize nambala yachinsinsi. Zonsezo Dorica analibe nazo vuto. Vuto lake linali Jenifa.

Jenifa ndiye ankagula mpunga wambiri wa a Alick. Anali wamasiye, wamtali ngati mgwalangwa, ndipo ankabwera Lachiwiri lililonse pa kagalimoto kake kofiira, kotsika ngati kamba. Akamawerenga matumba ndi a Alick ankaseka mpaka kugwira m'chiuno. Kodi m'thumba la mpunga muli chiyani choseketsa? Dorica ankamupatsa mpando, kumufunsa za ana ake, koma mumtima nsanje ikuwira.

Ntchito ya bokosi losungira kamakinako ndi mzati wake inapita kwa a Hamidu, owotcherera zitsulo ku Mtakataka. A Alick atanyamuka ndi lole kukapereka mpunga ku Lilongwe kwa sabata yathunthu, Dorica anapatukira kumeneko pochokera kumsika.

A Hamidu anamulandira ngati abwana. Anamuonetsa bokosi lapulasitiki limene linabwera ndi makinawo, n'kuligogoda ndi chala monyoza.

"Ili, mayi, dzuwa la kuno likhoza kuling'amba mvula isanagwe. Lachitsulo lakuda nalonso ayi, makina angapse ngati mbatata. Ndapanga ili, loyera, la kadenga kake. Waya alowera pansi kuti madzi asatsatire. Pabowopa ndaika kasefa, apo ayi mavu amangamo mudzi."

Dorica ankangogwedeza mutu. Maso ake anali pa paipi yokhuthala imene inagona pansi, yolembedwa mizere iwiri ya choko.

"Uwu ndiye mzati. Kuyambira apa kutsika, ulowa m'simenti. Bokosi likhala apa."

Dorica anayang'ana mpata wa pakati pa mizereyo. Kufupika kwakeko! Munthu woyendetsa lole, wokhala m'mwamba ngati khwangwala, angafike bwanji pamenepo? Ndiye kuti tsiku ndi tsiku azitsika, adinize, akwerenso? A Alick omwe aja, oti ngakhale madzi akumwa amachita kuitanitsa? Mwamuna savutika chotero popanda chifukwa. Ndipo chifukwacho Dorica anachiona bwinobwino m'maganizo mwake: kagalimoto kofiira kaima pageti, galasi latsika, dzanja la zibangili latuluka, osatsika n'komwe, geti la nyumba yake n'kutseguka ngati la mwini wake.

"Muyezowu anakupatsani ndani?"

"Bambo omwe. Anati ndisaphonye ngakhale chala chimodzi."

Ngakhale chala chimodzi! Ndiye kuti anachita kukayeza galasi la mkaziyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo foni inali m'chikwama momwemo, koma Dorica sanafune kumva bodza lokonzedwa kale.

"Asintha maganizo," anatero. "Andiimbira m'mawa. Akuti bokosi lifike pawindo la lole."

A Hamidu anakanda chibwano. "Pawindo la lole? Wallahi, mayi, pamenepo ndi patali. Nanga oyenda pansi?"

"Lole ndi imene imatidyetsa, a Hamidu. Chitani zimene mwauzidwa."

Lachisanu mzati unadzalidwa, paipi ina atailumikiza pamwamba, simenti mawilibala awiri. Lolemba wamagetsi anamangirira makina, n'kuuza Dorica nambala imene a Alick anasankha: chaka cha ukwati wawo. Iye anaimva ali pakhonde, akuyang'ana bokosi loyera lija lili pamwamba, mtima uli mbee. Jenifayo aone tsopano mmene afikire ali m'kamba wakeyo. Za kakhomo kapambali kamene Dorica mwiniwake ankalowera masiku onse, kamene kanapita limodzi ndi geti lakale, sanaziganizire n'komwe.

Lachiwiri anatsegula geti ndi batani la m'nyumba, n'kupita kukagula matemba. Geti linadzitseka lokha kumbuyo kwake. Pobwera masana, dzuwa likuswa mtengo, anatula dengu n'kutambasula dzanja. Zala zinathera pansi pa bokosi. Ananyanyamphira. Anadumpha kawiri, chitenje n'kumasuka. Ankafunafuna njerwa yoti apondepo pamene kagalimoto kofiira kanaima kumbuyo kwake.

Jenifa anatsika, n'kuyang'ana mzati, n'kuyang'ana Dorica. Sanaseke, ndipo kusasekako ndi kumene kunawawa kwambiri.

"Pepani, mayi a Pempho. Nambala yake ndi chani? Ndikudinizireni."

Amayi awiri ogulitsa tomato tsidya la msewu anali atasiya kale malonda awo. Dorica anamanganso chitenje chake. Ndi pakamwa pake, nambala imodziimodzi, anauza Jenifa chaka cha ukwati wake. Jenifa anangokweza dzanja pang'ono, geti n'kuyamba kuyenda.

Lisanathe kutseguka, lole ya a Alick inatulukira, fumbi lili koboo. Anaima, bokosi lili ndendende pawindo pawo. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsika.

"Hamidu wapenga? Ndinamuyezera ndi chingwe chomanga mfundo!"

"Ndinamuuza ndine," anatero Dorica. "Munayezera galimoto ya anthu ena, ndiye ine ndizingoonerera?"

Jenifa anabwerera m'galimoto mwake mwakachetechete. A Alick anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa chingwe chija. Anawerama, anaponda nsonga yake ndi chala, n'kuchikweza pambali pa mkazi wawo. Mfundo inafika paphewa pake penipeni.

"Ine ndinati ndizitsika lole tsiku lililonse," anatero motsitsa mawu, "bola mwini nyumba asamavutike pakhomo pake."

Dorica anayang'ana mfundoyo, n'kuyang'ana simenti imene inali itauma gwaa. Geti, litadikira mokwanira, linayamba kudzitseka lokha. Mwa atatuwo, amene sakanatha kulitsegulanso anali iye yekha.