Zomwe Ndaziona Ankataya mu Sinki

Ndaziona analowa m'kati mwa bakiteriya Lachitatu masana, kudzera pa diso la maikulosikopu. Nsapato anavula pakhomo, poti analeredwa bwino.

M'katimo munali motakasuka ngati bwalo la mpira. Pakati pake panayalidwa ntchito yake ya zaka zitatu ku labotale: tizidutswa ta puloteni, kalikonse ka mbali zisanu ndi imodzi, titalumikizana ngati chisa cha njuchi. Mwa bakiteriya wamoyo, tizidutswa timeneti timapindika n'kutsekana mpaka kupanga kachigoba kobulungira, momwe kachilomboko kamatsekeramo ntchito zake zotulutsa poizoni kuti zisakaphe. Koma ta Ndaziona tinkangoyalika pansi ngati mphasa. Aphunzitsi ake anali atamuuza kale mosapsatira kuti chigoba chikapanda kutsekeka pofika Lachisanu, kafukufuku watha, ndipo za digiri aiwale.

Tizidutswato tinamulonjera mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, achemwali? Ife tatopa n'kugona chagada."

"Nanga osadzuka bwanji?" anafunsa Ndaziona.

"Tonse ndife ofanana. Ayambe kupinda msana ndani?"

Anagwada n'kuyesa kupinda mphasayo ndi manja. Inangokulungika ngati paipi, uku pululu, ukunso pululu, utsi wa poizoni n'kumatuluka mbali zonse ziwiri. Mantha anamugwira, ndipo analira.

Pamenepo kumwamba kunatseguka sinki, ndipo ndi madzi ake anatsika Anankhoma, amayi omwe ankatsuka mabotolo ku labotale, amene anamwalira mu Febuluwale. Anali atavala magolovesi awo achikasu, kumsana atabereka kanthu. Ndaziona anagwetsa nkhope. Kumaliro kwawo sanapite, akuti tsiku limenelo ntchito inachuluka.

"Amayi, mwabwera?"

"Ndabwera, adokotala a mawa. Kodi simudziwa kuti mapaipi a sinki yanu amathera kwathu kuno?"

Anamasula chitenje. Munali tizidutswa ta mbali zisanu zokha, tonyowa, tikutsokomola.

"Ana awa mwakhala mukunditayira zaka zitatu," anatero Anankhoma. "Mukamasefa puloteni wanu, mukaona tochepa tosiyana ndi tinzake, basi mwati litsiro. Ine ndinkationa m'mabotolo. Koma wotsuka mabotolo alankhulenji pamaso pa ophunzira?"

Zinali zoona. Ndaziona anali waukhondo wa mtundu wotsuka ngakhale sopo yemwe. Ankasefa katatu pomwe anzake ankasefa kamodzi, ndipo ankanyadira. Safunsa anadya phula.

Anankhoma anatenga kachidutswa kamodzi n'kukaika pakati pa mphasa. Pomwepo mphasa inapindika, panabadwa ngodya. Anapatsa Ndaziona kachidutswa kachiwiri, iye n'kuika, mphasa n'kupindikanso. Anagwira ntchito, wina kupereka, wina kuika, makoma akukwera ngati dengu likulukidwa, iwo ali m'kati. Utsi unaleka kuthawa. Tizidutswa ta mbali zisanu ndi imodzi tinkalandira tinzawo ndi moni, popanda wokumbutsa zakale.

Chitenje chinatha. Pamwamba panatsala bowo limodzi.

"Timafunika khumi ndi tiwiri, osachepa, osachuluka," anatero Anankhoma. "Taika khumi ndi kamodzi. Kotsalako kanandipulumuka, kanapita ndi madzi."

"Ndiye kuti zakanika, amayi."

"Tulukani kaye, mwanangu. Chigoba sichitsekedwa mwini ali m'kati."

Ndaziona anakwera n'kutulukira pabowopo. Anankhoma anamutsatira, koma iwo sanapitirire. Anavula magolovesi, anakonza duku, n'kugona chagada pakamwa pa bowo, atatambasula thupi lonse.

"Werengani."

"Mutu," anatero Ndaziona. "Manja awiri. Miyendo iwiri."

"Zingati?"

"Zisanu, amayi."

Chigoba chinatsekeka ndi kaphokoso kakang'ono, ngati chivindikiro chikakhala bwino pa poto. Chinali chobulungira, chokongola, chopanda podontha. Ndaziona anagwada pamwamba pake n'kuwomba m'manja. Chiyambireni sukulu anali asanathokozepo munthu ndi mtima wonse chomwechi.

"Zikomo, amayi. Zikomo kwambiri. Kumaliro kwanu sindinabwere, mundikhululukire."

Mawu anachokera m'khoma, odekha ngati kale.

"Munali pantchito. Inenso pano ndili pantchito. Pitani, dzuwa likadalipo."

Anadzidzimuka tsaya lili pa tebulo, maikulosikopu ikadayaka. Pambali pa sinki panali botolo la madzi otsala pa zomwe anasefa m'mawa uja. Likanakhala litakhuthulidwa kalekale, koma chimwalirireni Anankhoma panalibe wolikhuthula pa nthawi yake. Ndaziona anayenda mosamala kukafika pomwe linali. Analinyamula ndi manja awiri, atapinda maondo, monga amachitira munthu polandira chinthu kwa wamkulu.