Mizere Yanga, Dzina la Alamu

Pulogalamu imene timayalira masamba kuntchito kwathu inali yaulere. Aliyense ankatha kuitenga, kuisegula m'mimba, kukonza chimene chamunyansa n'kubwezera anzake. Ine ndimagwira ntchito pamalo osindikizira makadi a ukwati, timabuku ta nyimbo ndi mapepala a mayeso. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pulogalamuyo ikalakwitsa ndine ndimayamba kudziwa, chifukwa mapepala owonongeka amaunjikana pamapazi anga.

Amene amavomereza zolowa m'pulogalamuyo ndi alamu anga, amuna a mkulu wanga. Kugulu la pa intaneti la olemba pulogalamuyo amawatcha a Makiyi, poti makiyi ake amasunga ndi iwo.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, kabuku kakapitirira masamba 64, masamba ankasokonekera popinda: tsamba 9 kupezeka moyang'anana ndi 40. Ndinayang'anitsitsa mizere ya malangizo oyendetsa pulogalamuyo milungu itatu, pa nthawi yopuma masana, mpaka ndinapeza pamene panabisala vutolo. Ndinakonza, n'kuwauza alamu.

"Mlamu, ndinu mfiti!" anatero akuseka. "Koma kutsegula akaunti yanuyanu kugulu kuja n'chintchito. Ingonditumizirani pafoni, ndizikulowetserani."

Ndinkatumizadi. Kokwana ka 41 ndinatumiza, iwo n'kumalowetsa. Sindinafunse kuti akulowetsa m'dzina la ndani. Wachibale sumufunsa risiti.

Chaka chino kunabwera nkhani yoti kampani ina ikufuna kutenga pulogalamuyo n'kusintha layisensi, kuti zonse zatsopano zizikhala zotseka. Gulu linawira. Ena ankati ufulu sugulitsidwa, ena ankati ufulu sadya. Koma lamulo linali lomveka: aliyense amene mizere yake ili m'pulogalamumo ayenera kuvomera. Akakana, mizere yakeyo ichotsedwe, ilembedwenso ndi wina.

Bambo wina wolongolola wotchedwa Mandevu anakana. Mizere yake inali khumi ndi umodzi, ndipo ena anailembanso dzuwa lisanapendeke. Ine ndinaseka ndekha pamakina. Gawo lonse lopinda timabuku ndi langa, ndipo palibe akanalilembanso ngakhale atampatsa chaka. Ndikangoti ayi, nkhani yathera pomwepo.

Ndinatsegula mndandanda wa oyenera kufunsidwa. Mayina 27. Langa munalibe.

Alamu anabwera okha kushopu Lachitatu masana, atavala jekete m'dzuwa lonse lija. Anaima patali ndi makina kuopa inki.

"Alamu, dzina langa lili pati?"

"Mlamu, tsitsani mawu, makasitomala akumva."

"Amve. Mizere yopinda timabuku analemba ndani?"

"Mbiri ya zosintha ikuonetsa kuti ndinalowetsa ndine."

"Sindinafunse amene analowetsa. Wonyamula mwana kupita naye kusikelo si amene anabereka."

Anapukuta magalasi ndi tayi. "Inu munkandithandiza maganizo. Ine ndinkakonzanso apa ndi apo."

"Munkakonza chiyani? Mipata?"

"Taonani, kampaniyi indilemba ntchito. Akulu anu avutika mokwanira. Mukufuna ana a m'nyumba mwanu momwe akuoneni ngati ndani?"

"Ngati munthu amene analemba gawo lopinda timabuku."

Anachoka osatsanzika, phazi lawo litaponda khadi la ukwati wa eni ake.

Ndinalemba kugulu, ndinafotokoza zonse. Mauthenga akalewo anapita ndi foni imene inagwera m'ndowa chaka chatha, choncho umboni ndinalibe. Woyamba kuyankha anati ndionetse dzina langa m'mbiri ya zosintha. Wachiwiri anati ogwiritsa ntchito pulogalamu asamalowerere nkhani za olemba. Wachitatu anandithokoza kwambiri chifukwa chokonda pulogalamu yawo. Yawo! Anthu omwewo amene anatha mwezi akukangana za tanthauzo la ufulu, nkhani yanga anaitseka m'maola awiri, ati yapatuka pamutu.

Mkulu wanga anaimba foni. "Iwe, ukufuna kutivula pagulu chifukwa cha timizere ta pakompyuta? Dzina ungaphike?"

"Akulu, nanga alamu akuphika chiyani, si dzina lomwelo?"

Anadula.

Layisensi inasintha Lolemba. Onse 26 otsala anavomera, ndipo a Makiyi anavomerera mizere yanga ndi chala chimodzi.

Patatha milungu iwiri, uthenga unalowa ndikudula mapepala. "Mlamu, zakale zipite. Timabuku ta masamba opingasa tikutuluka mozondoka, makasitomala a kampani akudandaula. Taponyanipo diso, munditumizire monga mwa nthawi zonse."

Vutolo ndinkalidziwa. Ndinali nditalikonza kale pakompyuta ya kushopu, pa pulogalamu yakale ija, imene layisensi yake palibe angaibweze. Ndinapukuta inki m'manja, ndinakhala pansi, n'kutsegula akaunti. Ndinayang'ana wotchi yapakhoma. Chintchito chija chinanditengera mphindi zinayi.

Ndinakopera pulogalamu yakaleyo pa akaunti yanga n'kuikapo chokonzacho, chotseguka kwa aliyense koma choletsedwa kulowa m'pulogalamu yotseka ya kampani ija. M'mbiri yake yonse, dzina langa likupezeka kamodzi. A Makiyi, malo 41 aja akadali awo.

Alamu sindinawayankhe. Mkulu wanga sandiimbiranso. Mpaka lero amene wabwera pa akaunti yanga ndi munthu mmodzi, Mandevu, kudzandiuza kuti pamzere wachitatu ndasiya mpata wosafunika.