Botolo la Mayi Lucrécia

Aphunzitsi a Jordão ankaphunzitsa chitoliro pakhonde pawo, kuseri kwa msika wa Milange, ndipo lamulo lawo linali limodzi: wophunzira asakhudze chitoliro mpaka botolo litamumvera. Munthu unkabwera ndi changu chako chonse, iwo n'kukupatsa botolo lopanda kanthu kuti uziuzira pakamwa pake mpaka lilire "huuu". Ambiri ankathawa sabata yomweyo. Ine ndimakhala moyandikana nawo, ndipo kunena zoona ndinkawaona ngati munthu wozunza anzake dala.

Mayi Lucrécia, aja ogulitsa zitenje, sanathawe. Amuna awo, a Zeferino, amene iwo ankawaitana kuti bambo a Zito, anamwalira chaka chatha n'kusiya chitoliro chachitsulo chimene ankaliza kutchalitchi. Kutatsala miyezi itatu kuti ansembe adalitse chiliza, mayiwo anatsimikiza mtima kuti nyimbo imene malemuwo ankaikonda adzailiza okha kumanda.

"Professor, chitoliro ndabwera nacho," anatero tsiku loyamba.

"Chibwezereni m'thumba, Dona. Nali botolo."

"Komatu miyezi ndi itatu yokha!"

"Devagar, pang'onopang'ono. Kuthamanga sikufika."

Tsoka lake, a Jordão ankakhulupirira kuti botolo lolira bwino ndi lomwe munali kachasu, ndipo kutsuka sinali mphatso yawo. Komanso munthu ukauzira botolo kwa ola lathunthu umachita chizungulire. Ndiye madzulo alionse anthu ankaona mayi wamasiye akutuluka kunyumba kwa bambo wokhala yekha, maso ali psuu, akudzandira, botolo lili m'manja. Anthu a kuno nkhani yotere saigonetsa. Pofika Lamlungu inali itaoloka kale malire a Muloza popanda chiphaso.

Amayi a kutchalitchi anawapitira kunyumba, Mayi Rute ali patsogolo.

"Mana Lucrécia, mchemwali wathu, chisoni tonse timachidziwa, koma mowa suukitsa munthu."

"Ine sindimwa, mana. Ndimangouzira."

"Onse amayamba choncho," anatero Mayi Rute. Ananunkhiza botololo, n'kupukusa mutu, n'kuyambitsa pemphero lalitali. Pochoka analitenga.

Chifukwa chimene ankauzirira botolo Mayi Lucrécia sanachinene, ndipo ine ndinawamvetsa. Mpingo wonse unkadziwa kuti kwa zaka makumi atatu iwo ankadana nacho chitolirocho. Ankati chimawalizira mutu. Chaka china anachibisa m'thumba la nandolo, a Zeferino n'kuchifunafuna masabata awiri ngati mbuzi yosochera. Ndiye lero akanayamba bwanji kuuza anthu kuti akuchiphunzira? Anaona kuti bola azitchedwa chidakwa. M'mawa mwake anakatenga botolo lina.

Botolo linawamvera patatha miyezi iwiri. Chitoliro anachigwira masabata atatu okha, ndipo a Jordão, anthu ouma pakamwa, sanawayamikirepo ngakhale kamodzi. Mawu awo anali amodzimodzi: "Mwatsala pang'ono."

Tsiku lija linafika. Kumanda, m'munsi mwa phiri la Tumbine, ansembe atawaza madzi pachiliza, Mayi Lucrécia anatulutsa chitoliro m'chitenje. Anthu anayang'anana. Anachiika pakamwa, koma kunangotuluka mpweya. Anayesanso, mpweya. Kachitatu, mpweya ndi misozi. Tonse tinazolika. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo mumtima ndinatukwana a Jordão ndi mabotolo awo onse.

Pamenepo a Jordãowo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa botolo, ansembe akuona.

"Mpaka kumanda!" ananong'ona Mayi Rute, akudzilemba chizindikiro cha mtanda.

Bamboyo anakaima pambali pa wophunzira wake n'kuuzira pang'onopang'ono, "huuu". Milomo ya Mayi Lucrécia inakumbukira yokha zimene inachita miyezi iwiri yathunthu, ndipo chitoliro chinalira. Nyimboyo inatuluka motsimphina, pena inkaphonya, koma inali yomweyo ya a Zeferino. Mayi Rute ndi amene anayamba kuiimba.

Atamaliza, Mayi Lucrécia anapukuta chitolirocho ndi nsonga ya chitenje, monga ankachitira mwini wake. Anagwada n'kusisita chiliza.

"Bambo a Zito, mwamva? Ndinkati mumasokosa. Chichokereni inu, m'nyumba muja muli zii, ndipo ine sindikukwanitsa."