Masiku Asanu ndi Limodzi a Mayi Marcia

Pa nkhani za malire, mayi Marcia a ku Chonde sankafuna kuphunzitsidwa ndi munthu. Anawoloka pa Muloza koyamba ali mtsikana, pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo chiyambire pamenepo ankapita ku Milange kumaliro, kuukwati, mwinanso kukangogula nsomba zouma. Mmene iwo ankadziwira, masiku amene wapatsidwa akatha umabwerera kwanu, ukalowanso amakudindira atsopano, basi nkhani yatha. Ndiye mwana wawo Claudia atawaitanira ku Portugal, komwe amakhala ndi mwamuna wake Mackson, mayiwo anangoona ngati ndi Milange yomweyo, kungoti iyi ndi yokwerera ndege.

Anapita mu Malichi, mimba ya Claudia ikuvuta, madokotala atamulamula kuti azingogona. Anamuphikira, kumuchapira, n'kumamukalipira akati adzuke. Pa masiku 90 amene viza imalola, iwo anadyapo 84, kenako n'kubwerera ku Mulanje mutu uli m'mwamba, kuti akayambitse masiku atsopano n'kudzabweranso mu Julaye, nthawi yoti mwana wawo achire. Mackson anayesapo kamodzi, maso ali pansi, kunena kuti mwina afunse kaye. Mayiwo anangoseka. "Apongozi, inu malire mwawadziwa dzulodzuloli. Ine ndakulira pa boda." Mackson analeredwa bwino, sakanabweza mawu kwa apongozi ake kachiwiri. Ulemu umenewo ndi umene unadzawapweteka onse.

Foni inalira tsiku lina masana, mayi Marcia akuyanika matewera amene anagula pamsika. Anali Claudia.

"Amayi, khalani pansi kaye. Abambo a kuno afufuza za viza ija. Masiku aja sayambiranso."

"Sayambiranso bwanji? Si ndatuluka ine? Chidindo chili m'pasipotimu."

"Kuno sawerenga choncho. Tsiku lililonse limene muli kuno, amayang'ana m'mbuyo masiku 180, n'kuwerenga amene munakhala m'dziko muno. Asapitirire 90. Mukapitiriza, akhoza kukuletsani kudzabweranso."

"Nanga amene ndinadya aja?"

"Amabwerera limodzilimodzi, lililonse likatha miyezi isanu ndi umodzi. Loyamba lidzabwerera mu Seputembala. Pakadali pano mwatsala ndi asanu ndi limodzi."

Mayi Marcia anathyolapo tiyi zaka zambiri, choncho sanafunenso kuwafotokozera kawiri. Mtengo umene wathyola lero subwererapo mawa, umadikira nsonga ziphuke, ndipo kuyendera mzere wina sikuziphukitsa msanga. Anakhala pansi pomwepo, thewera lonyowa lili pamiyendo.

"Mubwere pa tsiku limene adokotala anena," anatero Claudia. "Ndikuopa, amayi. Sindikufuna kukalowa m'chipinda chochirira popanda inu."

Apa ndi pamene panavuta. Mayiwo ankadziwa kuti mwana woyamba sasunga tsiku la adokotala. Claudia yemweyu anawadikiritsa milungu iwiri, mpaka anzawo kumawaseka kuti mwina ameza dzungu. Atati apite pa tsiku lolembedwalo, mwana n'kuchedwa, masiku awo atha akungoyang'anizana, iwo n'kukwera ndege osaona ngakhale kachala ka mdzukulu. Ndiye adzasambitse khandalo ndani? Adzamuthowe Claudia ndi madzi otentha ndani? Adzakhale naye m'chikuta mpaka mchombo ugwe ndani? Mackson, amene ngakhale dzira amaligwira ndi mantha?

"Ndibwera ukachira, mwanawe. Osati usanachire."

Kenako Claudia anati, "Ndamva," n'kudula foni. Chikhala anawatukwana zikanakhalako bwino kusiyana ndi "ndamva" ameneyo.

Amuna awo, bambo Americo, atamva nkhaniyo madzulo anaipeputsa ngati mankhusu. "Ingopitani mukakhale. Akakugwirani mukapepese. Msilikali wa pachipata ndi munthu, naye ali ndi mayi ake."

"Nzeru za pa Muloza zimenezo ndi zimene zandifikitsa pano," anatero mayiwo mokwiya. "Mukufuna andilembe dzina, mdzukulu ndizimuonera pafoni mpaka adzamere ndevu?"

Bambo Americo anatenga wailesi yawo n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Julaye anafika ndi chiperoni chake, phiri n'kubisala m'nkhungu. Chikwama chinali chomangamanga pafupi ndi chitseko, ndipo Mackson anali atakonza tikiti yotheka kusintha tsiku. Mayi Marcia foni ankayenda nayo pachifuwa, ngakhale popita kubafa. Ikalira mtima unkachita phaa, n'kupeza ndi a kwaya akufunsa za yunifolomu. Chakudya chinasiya kukoma. Claudia akaimbiridwa ankayankha mwachidule ngati munthu wa mu ofesi: ndili bwino, sizinayambe, zikomo.

Tsiku la adokotala linakwana, n'kudutsa. Masiku asanu ndi limodzi otsatira anadutsanso, mwana ali phee m'mimba. Bambo Americo anawauza kuti mwaona, munalondola, bwenzi pano mukubwerera chimanjamanja. Koma kulondolako sikunawatonthoze ngakhale pang'ono. Ankangoganiza za miyendo yotupa ya Claudia, ndi nyumba yake ya m'mwamba yopanda mnzako woti n'kugogoda pakhomo kudzakuona.

M'mawa wina ali kumunda wa nandolo, foni inanjenjemera pachifuwa. Nambala inali ya Mackson, munthu amene chikwatirire anali asanawaimbirepo yekha.

"Amayi, zayamba. Tili kuchipatala."

Kumbuyo kwa mawu akewo kunkamveka Claudia akubuula, n'kumaitana mawu amodzi okha, omwe aja ankaitana ali wamng'ono malungo akamugwira. "Amayi! Amayi!"

"Muyikeni foniyo pakhutu, apongozi. Fulumirani."

Mayi Marcia anagwada pakati pa mizere. "Ndili pano, Claudia. Puma. Usakuwe, mphamvuzo uzisunge. Gwira dzanja la amuna akowo, ulifinye ngati ndi langa." Analankhula osalekeza, Chichewa, Chilomwe, ndi timapemphero ta Chipwitikizi timene ankayesa kuti anaiwala kalekale, mpaka mawu a mzungu wina wamkazi anamveka pafupi, foni n'kuduka.

Anaimbanso. Sinayankhidwe. Anaimbanso kachiwiri, kachitatu, mpaka kumaphonya manambala.

Masiku awo asanu ndi limodzi anali onse bwinobwino, palibe ndi limodzi lomwe limene linatayika. Mawa akwera ndege, akasambitsa khanda, akathowa mwana wawo monga anakonzera. Koma tsiku limene Claudia ankafuna kuti akhale pambali pake linali lero, ndipo linawapeza atagwada m'munda wa nandolo ku Chonde, akuyang'ana foni yoti siikulira.