Malo a Msoko

"Yafanso," anatero Chipewa, akukankhira kompyuta kutali.

Mkazi wake, telala, sanadzutse mutu pa makina osokera. Ankagawana chipinda chimodzi, nsalu kuzenera, mawaya kukhomo. Chipewa ankalemba kenelo, pulogalamu yaikulu imene imadzutsa mapulogalamu ena onse m'kompyuta. Koma kwa masiku atatu, iliyonse imene kenelo yake yadzutsa inkangoyasamula n'kufa. Abwana anali atanena kuti zikakanika pofika 2 koloko, ntchitoyo apatsa wina.

"Mwina yatengera mwini wake, kudzuka n'kugonanso," anatero mkaziyo.

"Musaseke, mayi a mwana. Pulogalamu iliyonse ndimaipatsa sitaki, kamalo kake kounjikapo zinthu ikamagwira ntchito. Lamulo likuti kayambire pa nambala yogawika ndi 16. Ndayeza kakhumi. Ndendende."

"Ndendende? Mawu amenewo ndinawamva kwa kasitomala wina amene anadzidulira yekha nsalu ya thalauza. Chiuno 32, nsalu 32. Titasoka, povala linakanirira m'mawondo. Malo a msoko munasiya?"

"Kompyuta si thalauza."

"Zoona, thalauza silifa. Tandiuzani, pulogalamuyo ikamalowa imayembekeza kupeza chiyani pamenepo?"

Chipewa anakonza pakhosi n'kuyamba ndi mawu a uphunzitsi. Anati mwachizolowezi pulogalamu imachita kuitanidwa. Woitanayo amayeza 16, kenako amaikapo adiresi yobwerera, yotenga mabayiti 8, timiyezo ta malo m'kompyuta, ndipo woitanidwa amawerengera kuti 8 amenewo alipo kale. Atafika pamenepo anazindikira pamene panalakwika. Kenelo yake sinkaitana ayi. Inkangoponyera pulogalamu m'kati osaikapo kanthu, ndiye zonse zinkapendekeka ndi 8.

Anavula chipewa chake, chimene anthu amati amasamba nacho, n'kulemba mzere umodzi wosiya malowo. Pulogalamu inadzuka, inalemba moni, ndipo sinafe. Wotchi inali pa 1 koloko.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero Chipewa monyengerera.

"Denga lake ndasenza ndekha, bambo a mwana. Inu munangogwirizira chipewa."

Chipewa anabwerera pa kompyuta. Pamwamba pa mzere uja analembapo chenjezo kwa aliyense wodzawerenga: malo a msoko, musachotse. Atatumiza ntchitoyo kwa abwana, anakokera mpando wake kuzenera. Mkazi wake anamupatsa singano ndi ulusi kuti amulowetsere, poti maso ake anali atayamba kukana timabowo.

Analowetsa ulusiwo ulendo wachinayi.

"Ndendende," anatero mkaziyo.