Bulu pa Khomo la Bambo Anga

Chaka chilichonse tsiku la chikondwerero cha Burbara Woyera likayandikira, ine ndi mwamuna wanga Rafic timakangana, ndipo chaka chino sitinaphonye. Iye amati ana angozungulira m'nyumba yathu yosanja ya ku Beirut, akwere chikepe, agogode zitseko zisanu ndi zitatu, alandire maswiti a m'sitolo, basi abwere. Ine ndimati imeneyo si Burbara, ndi kupemphetsa chabe. Kwathu kuphiri mwana amavala chigoba kumaso n'kuyenda mudzi wonse akuimba ndi kumenya chitini, ndipo palibe khomo limene limatsekedwa. Munthu ngakhale aume mtima chotani, mwana wa chigoba akagogoda amatsegula n'kumupatsa tirigu wowiritsa.

Mawu amenewa ndinawanena ndikusoka mapiko a gulugufe a mwana wathu Mirna, kenako ndinasiya kusoka, singano ili m'manja. Rafic anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Anali atadziwa kale khomo limene ndinkaganiza.

Bambo anga, a Boutros, sanandiyankhule kwa zaka khumi ndi chimodzi. Rafic anali dalaivala wa lole imene inkabwera kudzanyamula maapozi awo, ndipo bambo atamukana kawiri pamene anadzandifunsira ukwati, ine ndinakwera loleyo pamodzi ndi maapozi. Anauza mudzi wonse kuti mwana wamkazi alibe. Pa maliro a mayi ndinaima kumbuyo m'tchalitchi, iwo anandidutsa ngati akudutsa chipilala. Adzukulu awo, Mirna wa zaka zisanu ndi zinayi ndi Fares wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali asanawaonepo. Ine sindinkafuna zambiri ayi. Ndinkangofuna kuona nkhope yawo, ngakhale chapatali, ndiponso kuti dzanja lawo lipatseko ana anga kanthu asanatisiye. Ndinawasowa bambo anga, ndipo ndinatopa ndi kunamizira kuti zilibe kanthu.

Tsikulo litafika tinanyamuka masana kupita kumudzi. Mirna anali gulugufe. Fares anali atalirira chigoba cha bulu sabata yathunthu, koma titangotuluka mu mzinda anati bulu ndi wopusa, akufuna cha mkango chimene anavala chaka chatha. Mwayi wake ndinali nditachitenga. Cha bulucho anandiponyera pamiyendo.

M'njira ndinawapatsa malamulo. Zigoba asavule. Mayina asatchule. Wina akafunsa kuti ndinu ana a yani, angoseka. Mirna, amene sameza kanthu osatafuna, anafunsa chifukwa chake, ine ndinati ndiwo masewera ake. Rafic anati akazi ena amatengera ana awo kunyanja, koma wake akuwaphunzitsa ukazitape. Ndinamuuza kuti ayang'ane msewu.

Mudzi tinaupeza utasintha, abale. Nyumba zambiri n'zokhoma, eni ake ali ku Australia ndi ku Canada, ndipo zotsala ndi anthu zatalikirana moti ana sayendanso pansi. Makolo amawayendetsa pa galimoto. Tinalowa mu mzere wa magalimoto asanu oyenda ngati akuperekeza mkwatibwi. Galimoto ikaima, zitseko pha pha, mizukwa ndi mafumu ang'onoang'ono kuthamangira pakhonde, abambo akusuta fodya n'kumadandaula za kuzizira. Ife tinayamba ndi makomo anayi kuti tisaoneke achilendo. Pa khomo la a Violette, amene anandiphunzitsa katekisimu, ndinatsetsereka pampando mpaka mawondo kugunda kutsogolo. Ana anabwera ndi tirigu wotentha m'timakapu tapulasitiki, wothira shuga, mphesa zouma ndi njere za makangaza. Fungo lakelo linandipweteka mtima.

Nyumba ya bambo ndi yomaliza, pamene msewu umathera m'minda. Magalimoto ena onse anatembenukira pa tchalitchi, chifukwa bambo amadziwika ndi kukalipira ana oponda maluwa. Tinapitirira tokha dzuwa likulowa, ndipo Rafic anaima tsidya la msewu n'kuzimitsa injini.

"Pitani. Muimbe mokweza, agogowo samva bwino," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa ngati n'zoona.

Bambo anatsegula ana asanagogode. Kaya anakhala nthawi yaitali bwanji kuseri kwa chitsekocho, mphika uli pamoto, akudikira ana osabwera. Koma ndiye achepa thupi bambo anga. Munthu amene ankanyamula mabokosi awiri a maapozi paphewa anali atagwira chitseko kuti aime bwino, jekete ikuwalendewera. Ana anaimba, Fares akumenya chitini mosalongosoka. Atamaliza, bambo anawalozera kuti abwereze, ndipo anabwereza.

Kenako anayamba zija amachita akuluakulu onse, zolota kuti m'chigoba muli mwana wa yani. Anatembenuza manja a Mirna, anayang'ana nsapato za Fares. Ndinkawamva akutchula mabanja a m'mudzi limodzi limodzi, ana akungopukusa mitu n'kumaseka. Mayina atawathera anakatenga mphika. Anawapatsa tirigu, anathira mtedza m'matumba awo mpaka kutayikira pansi, ndipo anaika dzanja pamutu pa mkango uja osalichotsa msanga. Ine ndinalira, sindibisa. Zimene ndinadzera zinali zitachitika, ndipo ndinauza Rafic kuti ana akangokwera tizipita.

Ana anakwera. Koma bambo anali akuyang'ana galimoto yathu. Analowa m'nyumba n'kutulukanso atanyamula mbale ikufuka nthunzi, n'kuyamba kutsika masitepe, imodzi imodzi.

"Mayi a Fares, tsika uwachingamire," anatero Rafic motsitsa mawu.

"Liza galimoto."

"Sindiliza. Munthu wamkulu akubwera ndi chakudya, ine ndithawe? Ndinathawa kamodzi, n'zokwanira."

Ndikanamumenya. Mantha anandigwira, mantha akuti andiyang'ana n'kundidutsanso, ulendo uno ana anga akuona. Ndinagwira chimene chinali pafupi. Mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wa ana awiri, ndinavala chigoba cha bulu.

Bambo sanamuyang'ane n'komwe Rafic, ngakhale mwamunayo anali atagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati waimitsidwa ndi asilikali. Anazungulira kubwera mbali yanga n'kugogoda pa galasi ndi chala. Ndinatsitsa. Ndinkawaonera pa timabowo tiwiri, ndevu zoyera zometedwa mosasamala, batani losokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Ankanunkhira utsi wa mbaula ndi fodya yemwe uja.

"Nanga buluyu saimba?" anafunsa.

Ndinapukusa mutu, makutu akukupiza uku ndi uku. Kumbuyo ana anafa nalo phwete.

"Chabwino. Wosaimba nayenso amadya."

Analowetsa mbale pazenera. Sinali kapu yapulasitiki ayi, inali mbale yadothi yolemera, ya mizere yobiriwira, ndipo madzi a tirigu anadonthera pa diresi yanga. Zala zawo zinakhudza zanga. Zinali zozizira. Anasuzumira kumbuyo n'kunena kuti mkangowo ndi woonda, uzipatsidwa chakudya, ndipo gulugufe ali ndi mawu abwino koma amathamangira nyimbo. Ndinkangogwedeza mutu ngati bulu weniweni. Anaima pomwepo kanthawi, dzanja lili pa chitseko cha galimoto, akuyang'ana kuminda.

"Gwira ndi manja awiri," anatero. "Mbaleyo ndi ya mayi ako. Ndikuifuna Lamulungu."

Anatembenuka n'kuwoloka msewu. Ndinafuna kuwaitana. Ndinakoka chigoba, lamba wake n'kukola tsitsi, ndipo pamene ndinkachichotsa iwo anali atakwera masitepe, chitseko chikutsekeka. Mirna anafunsa kuti agogowo amawadziwa bwanji amayi anga. Rafic ndi amene anamuyankha.

Lero ndi Lachinayi. Mbale ndaitsuka katatu, ndaiika pamwamba pa kabati pamene Fares safikira. Kwathu mbale sitibweza yopanda kanthu, ndipo kuyambira m'mawa ndaima m'khitchini muno, sindikukumbuka ngati bambo anga amakonda za shuga wambiri kapena wochepa.